Zimene Tsitsi la Consolata Linamva

"Chotsani dzanja m'mutumo."

Consolata anachotsa dzanja lija msanga. Sanadziwe n'komwe kuti wayambanso kukanda. Apongozi ake, a Elinata, anasendera pamphasa, natola katsitsi kamodzi kamene kanagwera paphewa pake, nakakulunga kuchala, kenako nakamangirira pamfundo ya chitenje chawo. Zonsezi anachita nkhope atalozetsa kunkhokwe, milomo atatseka.

"Likuyabwa, amayi."

A Elinata anayamba abwerera pamalo pawo, kumapeto kwa khonde, ndipo pamenepo m'pamene anayankha. "Liyabwe. Mawa lichoka lonse. Koma lero lisagwe n'limodzi lomwe poti mphepo n'kulitenga."

Filimoni, mwamuna wa Consolata, anali atagona kumanda masiku angapo. Achibale akutali anali atabalalika, mabenchi a tchalitchi atabwezedwa pangolo, ndipo pabwalo panangotsala phulusa la moto wa maliro limene nkhuku zinkasambamo. Chotsala chinali kumeta. Mawa m'mawa mkazi wamasiye adzakhala pansi, lumo lidzadutsa m'mutu mwake, ndipo maliro adzakhala atatha.

Ku Zingalume ngakhale mwana amadziwa kuti tsitsi limamva. Mawu amene munthu walankhula pafupi, mpweya wake n'kukhudza tsitsi la mnzake, amalowa n'kukhala momwemo ngati mwaye m'denga la udzu. Ukaliika tsitsilo pa makala a mtengo wa msolo, utsi wake umabweza mawu aja mmene ananenedwera, kamodzi kokha, kenako basi. N'chifukwa chake tsitsi la pakumeta amalitenga amayi akuluakulu n'kukalikwirira kudambo, pamalo posadziwa mwamuna aliyense. Za m'nyumba ya anthu awiri zimatsagana ndi wakufayo.

Koma Filimoni sanafe imfa wamba. Anamupeza mumtsinje wouma, kufupi ndi malire a Mozambiki, njinga yake itagona pambali pake bwinobwino, thupi lopanda bala, m'kamwa modzaza thonje. Anthu anati wagwa panjinga, ndipo ponena zimenezo ankayang'ana pansi. Kuyambira tsiku limenelo palibe amene anakhala pafupi ndi Consolata. Azimayi odzapepesa ankagwada pakhomo n'kumalankhula ndi khoma. Ngakhale mnzake wotunga naye madzi, amene kale ankamunong'oneza nkhani mpaka khutu kutentha, anamupatsa moni ali tsidya la bwalo. Aliyense ankaopa kusiya mawu ake m'mutu umene anthu oopsa anali kuudikirira. Consolata anakhala pakati pa mudzi ngati chitsime chimene mwagwera galu.

Sikuti kukhala chete kunali kwachilendo kwa iye. Anachoka kwawo ku Zemba kubwera chitengwa atatsatira mnyamata wa maso ofatsa amene anamukonzera tcheni cha njinga pamsewu osanena kanthu. Mtsikanayo anaganiza kuti pansi pa chete ameneyo pali chuma chimene adzachifukule pang'onopang'ono. Zaka zinapita akufukula. Akamufunsa Filimoni ngati ndiwo zakoma, ankangogwedeza mutu. Akamufunsa kumene akupita, ankapopa matayala. Akamufunsa ngati amamukonda, ankayang'ana kumwamba ngati munthu amene akuyerekeza za mvula. Tsopano anali atapita, ndipo Consolata sankadziwa ngati akulira mwamuna kapena mlendo amene anagona m'nyumba mwake nthawi yaitali.

Belu la njinga linalira kumpanda. Anali Eneya, mng'ono wake wa Filimoni, mutu wake wampala ukunyezimira padzuwa. Anyamata onse a bwana Oliver anali ampala. Bwana Oliver anali ndi sitolo ndi malole ku boma la Chadiza, ndipo chaka chimenecho nkhope yawo inali pamitengo yonse ya m'mbali mwa msewu, ikumwetulira, ikupempha mavoti. Koma chuma chawo chenicheni chinkayenda panjinga, m'tinjira ta m'tchire: feteleza ndi mafuta popita ku Mozambiki, ndipo pobwera, matumba amene wonyamula sankaloledwa kufunsa za m'kati mwake. Loweruka lililonse anyamatawo ankametedwa kuseri kwa sitolo, bwana ali pomwepo, kuti pasapezeke tsitsi losunga za ntchito. Filimoni anali mmodzi wa iwo.

Eneya anaimika njinga patali. Sanamuyang'ane mlamu wake.

"Amayi, bwana abwera mawa. Akuti kumeta kusayambe iwo asanafike."

"Abwera kudzatani? Ndi malume ake a ndani pano?"

"Akufuna tsitsi la alamu."

A Elinata anaika pansi lichero la mtedza limene ankasankha. "Tsitsi la mkazi wamasiye ndi la mwamuna wake. Lipita kudambo. Langa linapita kudambo atamwalira abambo ako, ndipo mpaka lero palibe anamva zimene ankandiuza."

"Abambo ankanyamula chimanga, amayi, sankanyamula za bwana." Eneya anatsitsa mawu. "Malole agwidwa pamsewu. Akuti alipo amene ankapereka nkhani kwa akazitape a boma. Akuti anali achimwene. Akufuna adziwe ngati anasiya mawu m'nyumba muno."

"Andiphere mwana, ndiye ndiwayalire mphasa?"

"Amayi! Mpanda uwu ndi wa udzu!" Eneya anatembenuka kuyang'ana kumsewu, kenako anabwera pafupi ndi mayi ake. "Malata ali padengawa anabweretsa ndani? Bokosi anabweretsa ndani? Mukakana, sabata yamawa muika ine. Ndiye mudzalima ndi ndani? Ndi alamuwa, oti ngakhale mwana sanatisiyire?"

Mawu amenewo anagwa pakhonde ngati mwala. A Elinata sanamudzudzule. Anangotola lichero lawo.

"Akuti mutu ukapezeka woyera, alamu akhale," anapitiriza Eneya. "Dimba likhale lawo, palibe adzawakhudze."

"Nanga ukapezeka ndi kanthu?" anafunsa Consolata.

Eneya anayang'ana kumunda, kumene thonje losatola linali mbuu mpaka kuphiri.

"Alamu, achimwene anu sankandiuza kanthu. Inunso mukudziwa."

"Masana," anatero Eneya, akukwera njinga. "Nanga inu mutagona? Munthu amene salankhula masana, mawu ake amapita nawo kuti?"

Belu lija linalira kachiwiri akutuluka. Consolata anatsala atagwira mawondo. Funso limenelo linali lisanamufikirepo m'mutu zaka zonsezi, ndipo litafika linakhala pansi, osafuna kuchoka. Anamva tsitsi lake likulemera. Anali asanalidulepo chibwerere ku Zingalume.

Dzuwa litapendeka, a Elinata anapita kukatema nthambi youma ya msolo, akung'ung'udza njira yonse. Consolata anakhala kuseri kwa nyumba akusenda mtedza. Anamva nsapato za m'tauni zikuponda makoko, ndipo atadzutsa mutu anaona mayi wamtali atanyamula paketi ya shuga. Anali Leah, mwini saluni ya pamsika ku boma. Akazi onse a anyamata a bwana Oliver ankalukitsa tsitsi kwa iye chifukwa anali ndi manja ofewa ndi nthabwala zambiri. Consolata yekha ndi amene sanapiteko. Tsiku limene anapempha, Filimoni anati "Ayi" mokweza kwambiri moti mbuzi zinadzidzimuka m'khola, ndipo sanafotokoze chifukwa.

Leah anaika shuga pansi, nakhala pamtondo wogona, patali ndithu. Anakoka nsonga ya chitenje n'kutseka nayo pakamwa.

"Pepani ndi zovutazi, amayi."

"Zachitika."

"Ndilibe nthawi yozungulira. Saluni ija ndi chovala chabe. Ine ndimagwira ntchito ya boma, ya anthu aja osavala yunifolomu. Amuna a mpala amaiwala kuti akazi awo ali ndi tsitsi. Akazi amasiya tsitsi pansi pa mpando wanga, ndipo ine ndimasesa ndekha."

Mtedza unagwa m'manja mwa Consolata.

"Amuna anu anazindikira," anatero Leah. "Anabwera okha kuseri kwa saluni. Anati, mutu wa mkazi wanga muusiye, zimene mukufuna ndizikuuzani ndine. Ndipo ankatiuzadi."

Ndiye zinali zoona. Consolata anaganiza za thonje, mmene limamatira lilime, mmene limakomera m'maso likakhala kumunda.

"Mukumbukira mphunzitsi uja amene ankafuna kupikisana ndi Oliver pachisankho, amene anasowa nthawi yokolola? Filimoni anaona kumene anamuika. Anati adzandiuza akadzabwera ulendo uja. Sanabwere." Leah anasuzumira kungodya ya nyumba. "Munthu wosenza chinthu chotere sagona nacho yekha. Anachitula penapake, ndipo ine ndikuganiza kuti chili pamutu panupo. Mawa m'bandakucha kuseri kwa sukulu kudzaima galimoto. Tikakumeterani ku Chipata. Kenako Lusaka, nyumba, dzina lina. Oliver adzaona chisankho ali m'ndende."

"Nanga apongozi anga? Nanga alamu?"

"Sindingasenze mudzi wonse, amayi."

Consolata anatola mtedza wina, nauswa, koma sanautaye m'lichero. "Ankalankhula nanu?"

"Ndanena kale."

"Nthawi yaitali? Mawu ake ankamveka bwanji akamalankhula nthawi yaitali?"

Leah anatsitsa chitenje pang'ono, namuyang'ana ngati akuona munthu wodwala malungo. "Mayi, tikunena za moyo wanu."

"Ankaseka?"

"Sindinamuonepo akuseka. Ankanena malo, tsiku, n'kutuluka."

Consolata anachita manyazi ndi kamtendere kamene kanamulowa mumtima atamva zimenezo. "Mukakaliwotcha ku Chipatako, ine ndidzakhalapo?"

"Ayi. Zimenezo zimamvedwa m'chipinda chotseka, akuluakulu okhaokha."

"Ndiye mudzandiuza zimene wanena?"

"Zimene zikukukhudzani, mwina."

Consolata anayambanso kusenda. Kenako anati, "Zikomo shuga."

"Oliver akamva dzina langa mu utsi umenewo, tonse tatha." Leah anaimirira, nakutumula chitenje. "Galimoto idikira mpaka dzuwa litatuluka. Musakhale chitsiru chifukwa cha mwamuna amene sankakuuzani ngakhale kuti mwadzuka bwanji."

M'mawa mwake kunazizira kwambiri. Consolata anakhala pakhomo atafunda bulangete, akuyang'ana kum'mawa kukufiira. Ankadziwa njira ya kusukulu, ankadziwa kuti akadutsa m'munda wa thonje palibe angamuone. Anaimirira kamodzi, nafika mpaka pankhokwe. Pamenepo anaganiza za utsi ukukwera m'chipinda chotseka, mawu a Filimoni akuuza anthu ovala mataye zimene iye anazidikirira zaka zonse, iye ali panja pabenchi. Anabwerera n'kukhala pansi. Dzuwa litatuluka anamva injini ikulira kutali, ikuchepa, mpaka inasanduka phokoso la njuchi, kenako zii.

Bwana Oliver anafika nkhuku zitatsika kale. Galimoto yawo yoyera inaima pa phulusa la moto wa maliro, ndipo m'mbuyo munatsika anyamata ampala atavala malaya a chipani. Bwanayo anali munthu wonenepa bwino, wa mawu okoma ngati a mlaliki. Anagwada pamaso pa a Elinata, nawomba m'manja mwaulemu wonse.

"Amayi athu, pepani. Filimoni anali dzanja langa lamanja. Ine sindikudya chimwalirire."

"Zikuoneka," anatero a Elinata, akuyang'ana mimba yawo.

Mnyamata wina anaseka, koma bwana atamuyang'ana anasandutsa chisekocho chifuwa.

Azimayi a m'mudzi anasonkhana patali, pansi pa mtengo wa mango. Consolata anaona Leah pakati pawo, atavala ngati wina aliyense, maso ali pansi. Ndiye sanapite ndi galimoto ija. Anafuna kumva yekha ngati utsi umutchula kapena ayi.

A Elinata anayala mphasa pakati pa bwalo. Consolata anagwada. Pambali pake panali phale la mphika wosweka, makala a msolo ali psuu m'katimo. Bwana Oliver anakoka mpando, nakhala pafupi ndi phalelo, natambasula mpango woyera pamawondo.

"Mwambo sunena choncho," anatero a Elinata, sizasi ili m'manja. "Mulungu akuona, ndipo amene ali kumanda akuona."

"Aone, amayi. Ine ndikungofuna kuyeretsa dzina la mwana wanu. Yambani kunsonga. Tiyende bwinobwino, kuyambira kale mpaka lero."

Sizasi inalira. Tsitsi loyamba linagwera pampango. Bwana Oliver analitsina ndi zala ziwiri, naliponya pamakala. Linapsa ndi fungo lija lodziwika, utsi wotuwa unakwera, unaima m'malere ngati ukuganiza. Poyamba kunamveka kupuma kokha, kupuma kwa munthu amene wagona chammbali. Kenako mawu.

"Consolata. Wagona?"

Consolata anagwira mphasa ndi manja onse awiri. Anali iyeyo. Mawu otsika, okhakhala pang'ono, ngati chitseko chimene sichitsegulidwa kawirikawiri.

"Unandifunsa masana ngati nsalu ija ndaikonda. Ndaikonda. Ndinachita manyazi chifukwa amayi anali pomwepo."

Utsi unatha. Bwana anaponyapo lina.

"Ndiwo za lero unathira mchere kawiri. Ndadya zonse kuti usadziwe."

Anyamata aja anaphulika ndi chiseko. "Filimoni ameneyu? Kapena mwatipatsa tsitsi la munthu wina?"

"Khalani chete," anatero bwana. "Dulani, amayi."

A Elinata ankadula, bwana ankaponya, ndipo Filimoni ankalankhula. Ankayankha. Funso lililonse limene Consolata anafunsa masana n'kulitaya, poganiza kuti lagwera pamwala, linali litatoledwa n'kusungidwa mpaka iye atagona. Inde, akukumbukira tsiku la tcheni lija. Tcheni chinali chitakonzeka kalekale, ankangochedwetsa dala. Ayi, sanakwiye za mpando umene unathyoka. Inde, nayenso amaopa mphezi. Lero anamumva akuimba potsuka mbale, ndipo anaima kuseri kwa nkhokwe ndi njinga mpaka nyimbo inatha, chifukwa akanatulukira iye akanasiya.

"Aa, achimwene!" anakuwa mnyamata wina. "Ife tinkati ndi mkango, kani ndi njiwa!"

"Eneya ndi wopusa," unatero utsi, "koma mtima wake ndi wabwino. Akabwera uzimuwonjezera ndiwo, kwa bwana sadya mokhuta."

Chiseko chinakula. Eneya, amene anaima pafupi ndi galimoto, anatembenukira kumpanda n'kuyamba kusisita maso ndi mkono wa malaya ngati walowa fumbi.

Consolata sankamva chiseko. Ankathamangitsa mawu aliwonse ndi mtima wake wonse, kuyesa kuwagwira asanasungunuke, koma asanamalize kusunga awa, ena anali atayamba kale. Zaka zake zonse zinali kupsa pa phale limodzi, mofulumira, pamaso pa anthu amene anamuphera mwamuna. Ankafuna kukuwa kuti dikirani, ponyani pang'onopang'ono. Ndipo pansi pa zonsezi mantha anali chikhalire: tsitsi lililonse lotsatira likanatha kunena dzina la Leah.

"Amayi ayambanso za mwana," anatero Filimoni mu utsi. "Usawamvere. Ndinakuona ukulira kudimba. Ine ndinatsatira iwe ku Zemba, sindinatsatire mimba. Tikakhala awiri mpaka kukalamba, ndiye kuti tinali awiri."

Sizasi inaima. Kumtengo wa mango mayi wina anafwenthera.

"Pitirizani," anatero bwana Oliver. Kumwetulira kuja kunali kutachoka. Thukuta linkatsika m'khosi mwawo ngakhale kunali kozizira. "Munthu ameneyu sankanena za ntchito? Za ulendo? Za anzake?"

Ankanena, koma mwa njira yake. "Unandifunsa kumene ndikupita mawa. Limenelo sindiyankha, ngakhale wagona." Ndipo pena: "Miyendo ikuwawa lero. Phiri lija likukula chaka chilichonse." Osatchula phiri, osatchula munthu.

Tsitsi lalitali linatha. Pamutu pa Consolata panatsala tiziputu tokha, ndipo mphepo inayamba kumukhudza pamalo pamene inali isanafikepo.

"Lumo tsopano," anatero bwana. "Za masiku omaliza zili kumizu. Musataye kanthu."

A Elinata ananyowetsa mutu wa mpongozi wawo ndi madzi ofunda ndi sopo. Lumo linayenda kuchokera pamphumi kupita kunkhongo, pang'onopang'ono, ndipo chilichonse chimene linachotsa anachipukutira pampango woyera uja. Bwana Oliver anaunjika tizidutswato ndi chala, anadikira kuti tiume padzuwa, anauzira makala mpaka anafiiranso, kenako anakutumulira tonse pamoto.

Utsi unakwera wochepa, wakuda.

"Consolata. Wagona?"

Kupuma kwake kunali kosiyana tsopano, kothamanga, ngati wangotsika panjinga.

"Pali chinthu chikundilemera. Ndaona zimene munthu sayenera kuona. Ndikapanda kuchinena ndiphulika."

Bwana Oliver anawerama mpaka utsi unawalowa m'maso. Anyamata aja anasendera pafupi. Mmodzi anapisa dzanja m'thumba la jekete. Pansi pa mango Leah anali ataimirira. Consolata anatseka maso. Anaganiza kuti, chabwino, ndamumva, thonje libwere.

Kunamveka Filimoni akukoka mpweya kuti ayambe. Kenako anaugwira. Kunamveka mphasa ikulira, ngati munthu akutambasula dzanja kufuna chinthu mumdima. Kenako kukhwekhwereza kwa nsalu, pafupi kwambiri, kuzungulira, kuzunguliranso, ndi kakukoka kamodzi kolimba.

Ndiye basi. Utsi unapitiriza kukwera, koma unali utsi chabe.

Onse anadikira. Makala anachita imvi. Bwana Oliver anatakasa phulusa ndi kamtengo, koma munalibe china choti chipse.

"Anagona!" anatero mnyamata wa jekete uja, akutulutsa dzanja m'thumba. "Chitsiru chinagona nkhani ili pakamwa!"

Bwana sanaseke. Anatembenukira kwa Consolata, namuyang'ana nthawi yaitali ndi maso ofiira ndi utsi. "Amayi, chimene chinalira pomaliza chija n'chiyani?"

Consolata anakweza mutu wake wopanda kanthu. Anadabwa kumva mawu ake akutuluka osanjenjemera. "Bulangete, bwana. Kunkazizira. Ankakonda kulikokera kwake."

"Mwamuna aliyense amatero," anatero a Elinata mokalipa, akupukuta lumo. "Mwamva zimene mumafuna. Mwamva ndi zimene simunayenera kumva. Kapena mukufuna mumete ndi ine?"

Kumwetulira kwa pamitengo kuja kunabwerera pankhope pa bwana Oliver. Anaimirira, napinda mpango wawo. "Mwaona nonse? Ndayeretsa dzina la m'bale wathu. Mayi awa asavutitsidwe ndi munthu, dimba ndi lawo. Ine ndimasamala amasiye." Analoza mnyamata wina, amene anathamangira kugalimoto n'kubwera ndi chitenje cha chipani, nachiika pamphasa. "Tsiku lija musaiwale pochonga."

Galimoto inatembenuka, inamwaza phulusa la maliro, inapita. Eneya anatsala. Anaima pakati pa bwalo manja ali lendee. Anatola ndowa ziwiri n'kulunjika kudimba. Azimayi anabalalika awiriawiri, akunong'onezana. Leah anadutsa pafupi ndi mpanda, anamuyang'ana Consolata kamodzi ndi nkhope ya munthu amene wapulumuka koma wabwerera chimanjamanja, ndipo anapita osatsanzika.

Consolata anatsala atagwada pamphasa. Sikunali bulangete. Anaidziwa nsaluyo itangoyamba kulira. Analipo masiku ena, osati ambiri, amene ankadzuka m'mawa n'kupeza duku lili kumutu, pamene iye anagona wosavala. Linkakhala lomangidwa moipa, lozungulizidwa kawiri, mfundo ili pamwamba pa khutu, yolimba moti ankavutika kumasula. Ankaganiza kuti ndi masewera a munthu wosadziwa kusewera. Ankamukalipira kuti, mwandimanga ngati thumba bwanji, ndipo Filimoni ankangopopa matayala. M'mawa wa ulendo womaliza uja anadzukanso choncho.

Ndiye ankanenadi. Ankatula zonse pamtsamiro womwewo, pafupi ndi khutu lake, zimene anaona kumalire ndi kumene anamuika mphunzitsi uja. Koma ankayamba waphimba tsitsi.

A Elinata anataya madzi a sopo kumpanda. Anakankha chitenje cha chipani chija ndi phazi mpaka chinagwera kunja kwa mphasa. Analowa m'nyumba, natuluka ndi duku lakuda, ndipo m'malo mokhala kumapeto kwa khonde anadzakhala pamphasa pomwepo, phewa kukhudza phewa.

"Ine ndinamubereka, koma mawu ochuluka chotere sindinawamvepo," anatero motsitsa. Mpweya wawo unali wofunda pakhungu la mutu wake. "Zija za mwana... mwana wanga, pakamwa pa nkhalamba."

"Zapita, amayi."

"Valani, mutu ungazizidwe. Bweretsani ndikumangeni."

"Ndimanga ndekha."

Consolata anatambasula dukulo, naliika pamutu. Analizunguliza kamodzi, nalizungulizanso, nakokera nsonga zonse ziwiri pamwamba pa khutu lakumanzere, namanga mfundo, nakoka ndi mphamvu.

A Elinata anapendeketsa mutu. "Mwamanga bwanji pamenepo? Imeneyo ndi mfundo ya pathumba la feteleza. Tembenukani ndikonze."

Consolata anaphimba mfundoyo ndi chikhatho.

"Isiyeni choncho, amayi."